A Tedson, Boti la a Fakiri ndi Mkangano wa Kumwezi

Achimwene anga a Tedson sanakwerepo ndege, ndipo ku Lilongwe anangofikako pamene ankakalondola penshoni yawo. Koma mukanawapeza m'tiyirumu ya mayi Rahila pa Bua akufotokoza za maulendo a kumwezi, mukanaganiza kuti anali nawo m'chombomo, mwinanso ndiwo ankagwira chiwongolero. Ine ndine mlongo wawo, Nester, chitsirizira m'nyumba mwathu. Anthu amandiuza kuti ndizikamba zabwino za iwo poti anatisiya. Zabwinozo ndikamba, zilipo ndithu. Koma zinazo sindimeza, ndipo amene akufuna mbiri yotsukatsuka akafunse ena.

Bambo athu anachokera ku Chintheche ndi khoka lawo, n'kudzakwatira kuno. A Tedson, pokhala oyamba kubadwa, ndi amene anatumizidwa ku sukulu ya mishoni. Kumeneko ndi kumene anamvera pa wailesi ya mphunzitsi wina kuti anthu a ku America aponda pamwezi. Atabwera ku holide n'kufotokoza zimenezi, bambo anafunsa kuti mwezi wake uti, womwewu umatiwonongera usipa ukawala? Amayi anangoti sukulu yayamba kumuzunguza mutu mwana. Koma matenda anali atalowa kale. Chaka chotsatira anamvanso za amuna atatu amene chombo chawo chinawonongeka ali pakati pa ulendo, boma lawo lonse osagona tulo mpaka anawabweza amoyo. Nkhani imeneyi a Tedson anaikamba moyo wawo wonse, pamaliro, paukwati, ngakhale kwa munthu amene wangobwera kudzabwereka nkhwangwa.

Sukulu anailekezera panjira chifukwa cha fizi, n'kupeza ntchito pa boti la boma lomwe linkakhala pafupi ndi pamene Bua amathirira m'nyanja. Anayamba ndi kukapa madzi ndi kumanga zingwe, kenako anaphunzira injini, mapeto ake anakhala oyendetsa. Ntchito yeniyeni ya botilo inali kunyamula alangizi ndi anamwino a katemera kupita nawo m'madoko osafika galimoto. Koma mwera ukagwira asodzi panyanja, wina ankamenya chitsulo chimene chinapachikidwa pa mtengo wa mango kudoko, ndipo mudzi wonse unkathamangira kunyumba kwa a Tedson. Anavuula anthu ambiri. Alipo amuna pano, ena ndi akuluakulu a mpingo, ena a ku mzikiti, amene akudya lero chifukwa achimwene anawakoka ndi kolala.

Anali ndi kachitidwe kawo kamodzi kamene sankakaphonya. Injini sankailiza asanalankhule ndi bwana wa ku ofesi ku boma pa wailesi ija ya ovaova. Kaya anthu akulira kudoko, iwo ankayamba avala yunifolomu ya khaki, kuyatsa ovaova, kunena kuti kwasowa anthu angati, kudikira mawu oti pitani. Ankati safunsa anadya phula. Masiku amenewo yankho linkabwera msanga, chifukwa aliyense ankaopa kufunsidwa ndi wa pamwamba pake. Musandimve molakwika, masikuwo sindiwalakalaka. Ndinabwezedwapo pageti la msika ndi dengu la mpunga pamutu chifukwa chosowa khadi la chipani. Ndikungonena kuti ovaova inkayankha.

Matipate atabwera tinavina tonse, a Tedson omwe. Kenako mafuta a boti anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ovaova inafa osakonzedwa, boti linakokeredwa pamchenga mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Achimwene anawapumitsa ntchito, ndipo botilo linagulitsidwa pa okushoni. Analigula ndi a Fakiri, ochita malonda a nsomba zouma, mbadwa ya konkuno, amene anakulira limodzi ndi achimwene akumenya mpira wachikulunga pamchenga. Kunena chilungamo, a Fakiri analikonza bwino. Analipaka penti wobiriwira, anagula injini yatsopano, ndipo pa mwezi umodzi linayenda maulendo oposa amene linayenda m'zaka zake zomaliza ku boma. Anabwera okha kunyumba kudzapempha a Tedson kuti aziliyendetsa.

"Boti limene lagulitsidwa ngati mbuzi ine sindipondamo," anayankha achimwene. A Fakiri anakalemba ntchito munthu wina wa ku mtunda amene kale ankayendetsa chigayo. A Tedson anayamba kukonza mainjini a anthu pansi pa mtengo ndi kulima kadimba ka mpunga, mutu uli gwa ngati mwala.

Mkangano unayamba pamene anamva pa wailesi ya kunja, ija ya Chingerezi yomwe ankaimvera ataigunditsa kukhutu, kuti ku America kuli anthu a bizinesi amene akufuna kumanga zombo zawozawo zopita m'mlengalenga osadikira boma. Ine ndinkaperekera mandasi m'tiyirumu ya mayi Rahila m'mawa uliwonse, choncho zonse ndinkazimva ndi makutu angawa. Tsiku limenelo achimwene analowa atakwiya ngati wina wawathyolera m'dimba.

"Dziko lapenga," anatero. "Tsopano akufuna kugulitsa ndi kumwamba komwe."

A Fakiri anauzira tiyi wawo. "Cholakwika n'chiyani, a Tedson? Wa bizinesi amasamala chinthu chake, chifukwa chikafa wafa ndi iyeyo. Cha boma chilibe mwini."

"Kumwezi kuli usipa woti akagule? Kumene kulibe phindu wa bizinesi sapondako. Boma limapita chifukwa liyenera kupita."

"Linapita, linatola miyala, linabwerako, mpaka lero zii. Akanawapatsa anyamata a minibasi a pa Dwangwa bwenzi pano akuitanira, kumwezi awiri, kumwezi awiri."

Anthu anaseka. Achimwene sanaseke.

"Ndipo bwenzi akukutsitsirani panjira mafuta akatha. Ndiyankheni ichi, a Fakiri. Chombo chikawonongeka pakati pa ulendo, adzapita ndani kukakutengani? Kampani?"

"Nanga uja wa ku Russia amene munkatiuza inu nomwe, boma lake linagwa iye ali kumwamba n'kukhalako miyezi yowonjezera akudikira? Limenelo silinali boma?"

"Anakamutenga."

"Mochedwa."

"Koma anakamutenga."

Zinkatero tsiku ndi tsiku. Wailesi ikanena kuti roketi ya boma yaphulika, a Fakiri ankagulira anthu tiyi. Ikanena kuti ya kampani yagwera m'nyanja, achimwene ankalowa akuimba mluzu. Aliyense ankadziwa kuti mwezi ukungonamiziridwa, nkhani inali ya boti lobiriwira lomwe linkaoneka pa windo. Mwamuna wanga, a Maganizo, ankakonda kukhala pakona akachoka kunyanja, akumvetsera alamu awo n'kumangomwetulira. Anali munthu wosalankhulalankhula, msodzi wa bwato wopalasa, ndipo chimene ankakangana nacho pamoyo wawo chinali mphepo basi.

Munali mu Juni, chaka chachitatu cha matipate. Mwera unayamba mbandakucha asodzi ali pakati. Kutacha tinali kudoko tonse, mabwato akubwera umodziumodzi, anthu atanyowa, ena atataya makoka. Bwato wa a Maganizo ndi mnzawo Steward sunaoneke. Wina anamenya chitsulo chija, ndipo mudzi unathamangira kwa a Tedson monga mwa masiku onse, ngati kuti tonse tinaiwala kuti munthuyo analibenso boti. Miyendo inangopita kumene inazolowera.

A Fakiri anafika komweko akupuma wefuwefu, atanyamula chigubu cha petulo. Woyendetsa wawo wa chigayo uja anali atakana, akuti mafunde a pamathiriro a Bua sangawadutse, ndipo sindimuda, ankanena zoona.

"A Tedson, boti ndi ilo, mafuta ndi awa," anatero a Fakiri. "Wallahi sindikufunsani kanthu. Tengani."

Achimwene analowa m'nyumba. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Anatuluka atavala khaki ija, itathina pamimba, koma m'malo molunjika kudoko anatenga njinga.

Ndinagwira handulo. "Achimwene, mukupita kuti? Nyanja ili uku."

"Ndikukanena ku boma. Kuli boti lalikulu la injini ziwiri kumeneko. Ndikangofika, dzuwa lisanafike pamutu likhala lili pano."

"Munaliona liti botilo?"

"Lilipo, Nester. Boma silingakhale lopanda boti. Ili la a Fakiri lili ndi injini imodzi, lilibe ovaova. Likatizimira pakati adziwa ndani? Kufuna munthu panyanja kuli ndi dongosolo lake."

"Dongosolo lanulo linatha, achimwene. Alamu anu ali m'madzi."

A Fakiri anayandikira. "Zokangana zathu zija n'za m'tiyirumu, mnzanga. Izi n'zina."

Apa m'pamene achimwene ananena mawu amene sindidzawaiwala. Anawanena motsitsa, akuyang'ana a Fakiri, kuganiza kuti ine sindikumva. "Kuti mawa muzikauza anthu kuti kampani ndi imene yapulumutsa?"

Anachotsa dzanja langa pa handulo n'kupalasa kulowera ku msewu. Ndinawatukwana, sindibisa. Ndinawatchula mayina amene mlongo satchula mchimwene wake pagulu, ndipo amayi ena anandigwira pakamwa. Kuchoka pa Bua kukafika ku boma pa njinga, mphepo ikukuwomba kumaso, si pafupi.

Tinadikira. Amuna angapo anayesa kutuluka ndi mabwato, mafunde anawabweza. Dzuwa litafika pamutu mphepo inayamba kugonja, ndipo woyendetsa wa a Fakiri anati tsopano angathe kudutsa. Ndinathamangira komweko. Ndinapeza akulowetsa matumba opanda kanthu ndi sikelo m'boti.

Kuno kuli mwambo umene aliyense amaudziwa, Mkhristu kaya Msilamu. Munthu akasowa panyanja, palibe amene amaponya khoka kapena mbedza mpaka apezeke, kapena mpaka akuluakulu anene kuti basi. Mabwato onse amakhala a ntchito imodzi, yofunafuna. Ndinawakumbutsa a Fakiri zimenezi nditagwada pamchenga.

"Mwambo umaletsa kupha nsomba, mayi," anatero, maso ali kumbali. "Sunanenepo za kunyamula nsomba zouma kale. Katundu wanga ali m'madoko a kumwera uku, lole ya ku Lilongwe inyamuka mawa m'mawa ndipo sidikira munthu. Ayang'ana m'njira."

"M'njira iti, a Fakiri? Mwera umakankhira bwato kumpoto. Inu mukupita kumwera."

"Ine ndinapereka boti m'mawa, eni ake ntchitoyi anakana. Munthu wangayu pakati sangafikepo, sadziwa pokayang'ana. Nditaye boti ndi munthu yemwe? Tipemphe Mulungu, inshallah apezeka. Komanso paja boti la boma likubwera."

Mawu omalizawo anawanena ndi kakumwetulira kochepa kamene mwina iwo eni sanakadziwe. Boti linadutsa mafunde bwinobwino n'kukhotera kumwera, likutsata gombe. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo mpaka phokoso la injini linatha. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinali ndi achimwene odziwa nyanja ndi boti lokhala ndi mafuta, zonse pa doko limodzi m'mawa umodzi, ndipo mwamuna wanga sanapite kukamufuna aliyense.

A Tedson anabwera dzuwa litapendeka kwambiri, akukankha njinga yophwa tayala, khaki itada ndi thukuta. Ku ofesi anapeza kalaliki yekha. Bwana anali ku semina kutali. Boti lalikulu lija analiona ndithu, litakhazikidwa pa migolo kuseri kwa ofesi, lopanda injini ngakhale imodzi, udzu utamera m'kati. Kalaliki anawauza kuti adziwitsa akuluakulu. Zonsezi achimwene anafotokoza akuyang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu.

"Boti la a Fakiri lili kuti?"

 Mayi Rahila ndi amene analoza kumwera ndi mlomo.

Linabwera m'mawa mwake litadzaza matumba a usipa. Anatsitsa katundu, ndipo a Tedson anapondamo koyamba chiligulitsireni. Anapita ndi a Fakiri omwe, tsiku lonse, mawa lakenso. Sanapeze kanthu. Steward anatoledwa ndi asodzi a cha ku Dwangwa atakangamira pa bwato wotembenuzika, milomo itang'ambika, osatha kulankhula, n'kumutengera ku chipatala. A Maganizo nyanja sinawabweze. Patapita masiku, akuluakulu anati tisadikirenso. Anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, ndipo tinaliika m'manda monga timachitira thupi likasowa. Ndinalira pa nthochi ine, mayi wa ana anayi, azibusa akuwerenga mawu. A Fakiri anatumiza thumba la mpunga pamaliropo, achimwene anakumba nawo manda, anthu n'kumati onsewa ndi anthu a mtima wabwino.

Steward atachira anabwera kwathu yekha. Anakhala pakhonde, kenako anandifotokozera. Bwato unatembenuzika kukucha. Onse awiri anaugwira, wina mbali iyi wina inayo. A Maganizo ndi amene ankamulimbitsa mtima. Ankangobwereza kuti, usaope Steward, chitsulo amenya kale, alamu anga ali m'njira, a Tedson sasiya munthu panyanja. Nthawi zina ankati tamvera, si injini imeneyo? Anagwira m'mawa wonse, anagwira masana. Dzuwa litayamba kupendeka manja anawathera mphamvu.

"Musawauze a Tedson, mayi," anatero Steward. "Zingawaphe."

Ndinasunga. Mulungu ndi mboni, ndinasunga, ngakhale ndikawaona achimwene akudutsa. Ndinkati mwina chisoni chikuwadya m'kati mokwanira. Anayamba kuyendetsa boti la a Fakiri masiku ena, ndipo anthu ankati onani, imfa yawagwirizanitsa.

Nditavula zakuda ndinayambiranso mandasi, chifukwa ana sadya misozi. M'mawa wina ndikufika ndi beseni pakhomo pa tiyirumu ndinamva mawu awo awiri aja, atakwera ngati kale. Wailesi inali itanenanso zina za zombo za makampani. Ndinaima panja.

"Boma lanulo tinaliona," ankatero a Fakiri. "Munapalasa njinga tsiku lonse kukaona udzu m'boti. Akanakhala a kumwezi aja bwenzi atafera komweko."

"Nanga kampani yanu inali kuti?" anayankha achimwene. "Inapita kukatenga usipa munthu ali m'madzi. Ndi zomwe ndakhala ndikunena. Nkhani ya malemu Maganizo ikutsimikiza mfundo yanga."

"Ikutsimikiza yanga."

Mfundo. Bambo wa ana anga anali atasanduka mfundo, yomaponyerana pa tebulo pakati pa makapu a tiyi. Sindikumbuka m'mene ndinalowera. Ndinaika beseni patebulo pawo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira pa mkanjo wa a Fakiri. M'tiyirumu munali anthu ambiri.

"Poti mukufuna mfundo," ndinatero, "ndikupatsani ya mwini wake."

Ndinawauza zonse monga anandiuzira Steward, osachotsa liwu. Za chitsulo, za alamu ali m'njira, za kumvetsera injini.  A Fakiri anayamba kunena kuti zonse ndi Mulungu, ndinawadula.

"Inu khalani chete. Nthawi imene ankamvetsera injiniyo, yanu inkalira ndithu, ikupita kumwera ndi sikelo."

 Achimwene anali atagwira kapu ndi manja onse awiri. Sanandikalipire, sanadziteteze. Anangofunsa ndi mawu a ntchito, aja ankalankhulira pa ovaova.

"Anataya bwato dzuwa lili pati?"

"Litayamba kupendeka."

"Steward anamutola cha kuti?"

Ndinawauza dzina la doko. Anatembenukira ku windo. Ndinaona milomo yawo ikugwedera pang'onopang'ono, chala chikuyenda pa tebulo kuchoka pamene panali shuga kupita cha kumpoto. Ankayeza mphepo ya tsiku lija, liwiro la boti lobiriwira, ndi kumene madzi amakokera bwato wotembenuzika. Zimenezo ankazidziwa kuposa munthu aliyense pa gombe lino, ndipo panalibe woti awanamize kuti awatonthoze. Chala chinaima.

"Ndikanawapeza," anatero. "Dzuwa lisanafike pamutu ndikanawapeza."

"Ndikudziwa, achimwene," ndinawayankha. "N'chifukwa chake ndakuuzani."